Malegeni pa waya wa galimoto yanga

Ine sukulu sindinapite patali, koma galimoto ndimaidziwa ndi khutu. Zaka zambiri ndinayendetsa alendo ku loji ya ku Chinzombo, ndipo popuma ntchito ndinagulako chigalimoto chawo chokalamba. Kwathu ku Mnkhanya ndikalankhula za injini, anthu amakhala chete. Mwina n'chifukwa choti mawu anga sasiyira wina mpata.

Chinali ndi nthenda imodzi. M'mawa chinkalira kiyi kamodzi. Koma chikatentha, ukazimitsa, sitata inkangoti ngrrr, ngrrr, ngati nkhalamba ikudzuka pamphasa. Osati masiku onse, ayi, chinkasankha tsiku la anthu ambiri. Ndinalengeza kuti ndi batire. Ndinasintha batire, nthenda ili pomwepo. Ndinati ndi sitata, ndinaimasula, kuitsuka ndi palafini, nthenda ili pomwepo. Pamapeto pake ndinaphunzira kuchiimika potsetsereka kuti chikakana kiyi ndichilize chikutsetsereka, n'kumauza anthu kuti ndikutsata mthunzi.

Mwana wanga wamkazi atachira ku chipatala cha ku Jumbe, tinanyamuka kukaona mdzukulu, ine ndi mkazi wanga ndi asebele, atate ake a mkamwini wanga. Asebelewo ndi munthu wofatsa, wokonza njinga pansi pa mtengo, ndipo ndinkawaderera. Anati apalasa njinga yawo. Ine ndinakuwa mudzi wonse ukumva: "Asebele, kwezani kanjinga kanuko kumbuyo, lero mulawe chitsulo chenicheni!" Mumtima ndinkangopempha chimodzi, kuti chisandichititse manyazi pamaso pawo.

Unali Okutobala, dzuwa lophwanya mutu. Tili pakati pa mitengo ya tsanya, njovu zinayamba kuoloka msewu, zazikazi ndi ana. Ku loji anatiphunzitsa kuti njovu zikayandikira uzimitse injini. Dzanja linazimitsa lokha, mutu usanafunsidwe. Pamalopo panali pa see, popanda ngakhale kachulu.

Njovu zinapita. Kiyi: ngrrr. Kachiwiri: ngrrr.

"Bambo, mthunzi wake uli kuti pano?" anatero mkazi wanga.

"Injini ikupuma, iwe! Sudziwa kanthu."

Asebele anatsika mwakachetechete. "Pepani asebele, tsegulani boneti, ndingoonako. Ine ndine wa njinga chabe." Anati ndipotokole kiyi, iwo akugwiragwira mawaya. Atafika pa waya wonenepa wochoka ku batire kupita ku chitsulo cha galimoto, anachotsa dzanja msanga. Unali wotentha ngati khala.

"Anamanga apa ndi malegeni ndani?"

Ndinayang'ana kumene kunalowera njovu. Ndinamanga ndine, dzinja lina bawuti itagwera m'matope pa dambo. Ndinang'amba chubu, kukulunga zolimba, n'kudzitama sabata yathunthu. Mphirayo ikazizira inkagwira, ikatentha inkafewa, waya n'kumangokhudza pang'ono pa dzimbiri.

"Anyamata a ku loji," ndinatero. "Osasamala."

"Ee, anyamata amenewo ndimawaphikira tsiku lililonse," anatero mkazi wanga.

Asebele anamasula bawuti ya pa kaliyala wa njinga yawo, anapala dzimbiri ndi mwala, anamanga. Kiyi kamodzi, chinalira.

Ku chipatala asebele anangouza ana kuti tinachedwa ndi njovu, basi. Nkhani yonse anaifalitsa ndi mkazi wanga, kuyambira kwa anamwino. Bawutiyo ikadali pomwepo. Ndakhala ndikufuna kukabweza ina, koma pamafunika kukaima pansi pa mtengo wa asebele uja, anthu akuona.