Komputadori Yaulesi ndi Bateriya ya Katemera

Nkhondo itatsala pang'ono kutha, ndinali mphunzitsi wa masamu pa mishoni ina kufupi ndi Ulongwe. Ana ambiri anali atathawira ku Dedza ndi makolo awo, ndiye masana ndinkangokhala manja lende.

Padiri wathu, nkhalamba yokonda masamu kuposa ulaliki, anabwera ndi komputadori, makina owerengera aja, kuchokera kwawo. Anandiphunzitsa kuilembera malamulo m'chinenero china chimene ankati n'chaulesi: ukaipatsa ntchito imavomera, koma siiyamba mpaka utafuna kuona yankho. Ine ndinkangogwedeza mutu, mtima uli pa mabatani. Kunena zoona, makinawo ndinawakonda koopsa. Ndikakhala patsogolo pake ndinkaiwala kulira kwa mfuti kumapiri.

Vuto linali moto. Bateriya inali imodzi, yodzazidwa ndi dzuwa, ndipo ndi yomwe inkayendetsa jeleira yoziziritsa katemera. A irima, sisitere woyang'anira chipatala, ankandiyang'ana ndi diso lofiira, makamaka nkhungu ikaphimba dzuwa.

"Aphunzitsi, chidole chanuchi chikudya moto wa ana," anatero tsiku lina. "Mundionetse kuti sichichedwa pa ntchito, apo ayi chibwerere m'katoni."

Ndinabwereka wotchi ya padiri. Ndinalamula makinawo kuti apeze manambala osagawika zikwizikwi, n'kudina. Kamuvi ka wotchi kasanasunthe n'komwe, anali atamaliza kale! Ndinathamangira kuchipatala chimwemwe chitadzaza tsaya, ndipo ndinachita kuwakoka a irima pakati pa odwala.

Anaonerera ndikubwereza, manja ali m'chiuno.

"Chabwino. Nanga manambalawo ali kuti?"

Ndinalamula kuti aoneke. Abale inu! Anayamba kutuluka imodziimodzi ngati ng'ombe zokana goli. Wotchi inkangoyenda, ine thukuta lili kamukamu m'nyengo yachisanu. Padiri, m'malo mondithandiza, anaseka mpaka kutsokomola.

"Munayeza lonjezo, mwana wanga, osati ntchito," anandiuza. "Simunafunse kanthu, ndiye sinachite kanthu."

Ndinapsa mtima, ndipo ndinadziwa kuti katoni yayandikira. Koma a irima sanachoke. Anakoka mpando.

"Ndiye mukafunsa asanu okha, chichita asanu okha?"

Ndinafunsa asanu. Anatuluka pompo, makinawo n'kukhala phee, osavutika ndi enawo.

A irima anati, "Inenso sinditsegula botolo la katemera mpaka amayi atakwana pakhonde. Ukatsegula msanga, latayika." Anaimirira n'kukonza mpango wawo. "Muziyatsa Loweruka masana, dzuwa likakhalapo ndipo jeleira yazizira. Koma muzifunsa zokhazo zimene mukufuna."

Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kuyeza bwino. Ndinkaimitsa wotchi pokhapokha yankho lomaliza litaoneka ndi maso, ndipo ndisanayatse ndinkakhala nditaganiza kale chofunsa. Loweruka la nkhungu ndinkalemba malamulo anga pa bolodi, n'kudikira. Kudikira sikunali khalidwe langa, koma ndinazolowera.

Mtendere utabwera, mabanja anayamba kubwerera kudzera pa chipata cha malire cha Kalomwe, katundu ali panjinga. Makanda awo analandira katemera wozizira bwino, ndipo ana okulirapo anadzaza kalasi yanga. Loweruka loyamba mtsikana wina anadina batani, n'kudumpha akufuula kuti makina amaliza kale.

Ndisanatsegule pakamwa, mawu a irima anamveka pawindo:

"Nanga manambalawo ali kuti?"