Mizere iwiri pansi pa wogulitsa makala

Chaka chimene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche, ine ndinkaphunzitsa Sitandade 6 ku Chimwankhunda. Sukulu zitatsegulidwanso, tinauzidwa kuti pa phunziro la zachilengedwe tiziwaonetsa ana mmene chinthu chimodzi chimakokera chinzake, osati kungowaloweza pamtima kuti mitengo ndi yabwino. Nkhaniyi inandikomera. Ine ndine wokonda choko, ndipo ndikayamba kujambula pabolodi ndimaiwala kuti kumbuyo kwanga kuli anthu.

Ndinayamba ndi nyumba yogumuka. Kuchokera pamenepo ndinakoka muvi kupita ku matope, wina kupita ku phiri lometedwa mpala, wina ku nkhwangwa, wina ku thumba la makala. Kumapeto ndinajambula mayi atakhala pansi, mpango kumutu, timilu ta makala patsogolo. Ndinalemba kuti "wogulitsa makala", n'kudula mizere iwiri pansi pake. Belu linalira, ndinasasa choko m'manja ndikudzimva kuti lero ndaphunzitsa.

M'kalasimo munali ana amene nyumba zawo zinapita ndi madzi. Munalinso mtsikana wina wofatsa, wokhala pafupi ndi windo, amene zolemba zake zinali zooneka bwino kuposa zanga. Mawa lake sanabwere. Mkuja wakenso ayi. Tsiku lachitatu ndinafunsa anzake.

"Akuopa, madamu. Akumamunena kuti amayi ake ndi amene anagwetsa phiri."

"Wayambitsa zimenezo ndani?" ndinakalipa.

Kenako wina kumbuyo anati, "Paja munawajambula ndinu, madamu."

Titaweruka ndinatsetsereka kupita ku Manja, kumene anandiuza kuti mayiyo amagulitsira, pafupi ndi siteji ya minibasi. Nditafika, ndinamuzindikira nthawi yomweyo. Anali mayi yemwe ndinkamugula makala pafupifupi tsiku lililonse, amene ankandiikira basera ndisanapemphe. Zaka zonsezo sindinamufunsepo ngati ali ndi mwana.

"Mwafulumira lero, amadamu. Azimanso magetsi?"

"Ayi mayi, ndabwera za mwana."

"Ee, ndinamva kuti munandijambula. Akuti mpaka ndi mpango womwe." Anaseka pang'ono, koma maso sanaseke nawo. "Nanga inuyo munadzijambula pati?"

Anapitiriza kulongedza makala m'timajumbo akulankhula, osakweza mawu. Anati makalawo amabwera nawo azibambo a njinga kuchokera kutali, ena amafika mapazi atatupa. "Ine ndikasiya lero, amadamu, mawa inu mukagula kwa uyo wakhala apoyo. Kapena kwanu mumadya zosaphika?"

Ndinachita manyazi kwambiri. Ndinapepesa, ndipo ndinapempha kuti mwanayo abwere mawa. Anangoti, "Ndimuuza. Koma kumukoka sindimukoka."

M'mawa mwake mwanayo anabwera, mochedwa, n'kukhala pamalo pake osayang'ana munthu. Ndinajambulanso zonse monga poyamba. Nditafika pa mayi uja sindinaime. Ndinakoka muvi wina n'kujambula mzimayi wonenepa wa magalasi akukupiza mbaula. Kalasi yonse inafa ndi phwete, chifukwa aliyense anandizindikira.

"Amene kwawo anaphikira makala dzulo akweze mkono," ndinatero, wanga uli kale m'mwamba.

Mikono inakwera pang'onopang'ono, mpaka ya aja ankanena mnzawo.

"Bwanji sitikuphikira magetsi?" ndinafunsa.

"Kwathu kulibe!" "Amazimazima!"

Ndinajambula babu lozima. Tinakambirana chimene chimazimitsa magetsi, mpaka tinafika pa matope amene amakokoloka m'mapiri opanda mitengo n'kukadzaza mumtsinje momwe muli makina opangira magetsi. Muvi womaliza unabwerera pa phiri lija. Chithunzi chimene poyamba chinali mzere wothera pa munthu mmodzi chinasanduka chozungulira, ndipo tonse tinali momwemo. Ana anayamba kukangana za pomwe tingachidulire, ena akuti tibzale mitengo, ena akuti mbaula zosatha makala. Pa buleki ndinamuona mtsikana uja akudumpha chingwe ndi anzake, mtima wanga unakhala pansi.

Ndinkayesa kuti nkhaniyo yathera pomwepo. Lachisanu ndinatolera makope kuti ndichonge. Nditatsegula la mtsikana uja, ndinapeza chithunzi cha tsiku loyamba lija. Anakopera zonse monga ndinawauzira, nyumba, matope, phiri, nkhwangwa. Kumapeto anajambula amayi ake, ndi mpango wa maluwa umene ine sindinauike maluwa. Pansi pake analemba "wogulitsa makala" ndi zilembo zake zokongola zija, n'kudula mizere iwiri, yowongoka bwino, ndi lula.

Ndinagwira bolopeni yofiira nthawi yaitali. Tsamba limenelo sindinalichonge.