Mapazi Anga pa Msana wa Bambo

Ndikukumbukira msana wa bambo anga kuposa nkhope yawo ya masiku amenewo, chifukwa msanawo ndinkauona kuchokera pamwamba. Unali wotakata, wokhala ndi kangalande pakati, ndipo pa phewa lamanja khungu linali lolimba ngati chikopa cha nsapato. Phewa limenelo ndi limene linkatidyetsa. Bambo, a Makwiti, ankanyamula matumba a fetereza pa nyumba ina yosungiramo katundu ku Makata, ndipo ife tinkakhala ku Ndirande m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri.

Ine ndinabadwa motsogoza miyendo. Kudera lathu anthu ankakhulupirira kuti mwana wotere ali ndi mankhwala kumapazi: akaponda msana wa munthu, ululu umathawa. Choncho ndisanadziwe n'kuwerenga komwe ndinali kale ndi odwala anga. Kunkabwera atelala, amisiri okhoma ndowa ndi mbaula, azimayi otunga madzi, ndi bambo wina wokankha wilibala amene ankabwera mwezi ukangotha. Dongosolo lake silinkasintha. Amayi ankayala mphasa pakhonde, wodwala n'kugona chafufumimba. Ine ndinkasamba mapazi m'beseni, n'kugwira munsi kuti ndisagwe, kenaka n'kuyenda kuchokera m'chiuno kukafika m'mapewa n'kubwereranso. Munthu ankabuula, nthawi zina msana unkalira, ndipo akadzuka sankati zikomo, poti mankhwala sathokoza. Ankangondisiyira chitumbuwa pa mbale n'kumapita. Dzina langa ndine Agnesi, koma mzere wonse wa nyumba zathu unkanditchula kuti Adokotala, ndipo ndinkayankha mosachita manyazi.

Zimene ndikunenazi zinachitika sukulu zitangokhala zaulere, pamene tinkaphunzirira pansi pa mtengo chifukwa m'makalasi munalibe malo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Inalinso nthawi imene mafakitale ankachepetsa antchito, moti m'mawa uliwonse pa geti lililonse ku Makata pankakhala gulu la anyamata odikira ganyu.

Tsiku lina m'chilimwe anzawo awiri anabwera nawo bambo pa njinga, atawakhazika pakaliyala, wina akukankha wina akuwagwira. Akuti anawerama kutola thumba, n'kupotoka kuti aliponye pa lole, ndipo china chake chinangoti tswee m'chiuno. Sanathenso kuwongoka.

Amayi anachita zonse zimene Ndirande inkadziwa. Wodwala msana ankayenera kugona pamalo olimba osadzukadzuka, ndiye anazula chitseko cha kuchipinda n'kuchigoneka pansi, bambo n'kugona pamenepo. Pakhomo la chipindacho anapachika chitenje cha chipani chimene anachilandira pa msonkhano, moti bambo ankatha tsiku lonse akuyang'anizana ndi nkhope ya wandale amene sanamuvotere. Anawapaka mafuta otentha a m'kabotolo, anawathowa ndi madzi ofunda, ndipo mayi wina wa kuseri anawatema mphini. Pamwamba pa zonsezi panali ine, m'mawa ndisanapite kusukulu ndi madzulo ndikaweruka.

"Eya, pamenepo, Adokotala," ankatero bambo, nkhope ataikwirira mu pilo.

Koma mapazi anga anali ataponda misana yambiri, ndipo ankadziwa kusiyanitsa. Msana wa telala unkafewa ndikamafika m'mapewa. Wa bambo unkauma ngati chitseko chimene anagonerapo, ndipo zala zawo zinkakanda simenti.

Masabata anadutsa. Miyendo yawo inayamba kuwonda chifukwa chosayenda. Zaka zimenezo mwamuna akagona m'nyumba nthawi yaitali osaoneka panja, anthu ankangoganiza za matenda amodzi, ndipo ndinaona kuti azimayi pampopi ankasiya nkhani ndikafika ndi ndowa.

Lamulungu lina kunabwera a Sitima, kapitawo wa bambo, munthu wamfupi wolankhula mosazungulira. Anakhala pa kampando pafupi ndi chitseko chija, chipewa chili pa bondo.

"A Makwiti, ine sindikubisirani. Malole a fetereza ayamba kubwera mvula isanagwe. Abwana akufuna mzere wathunthu. Mukapanda kuoneka tsiku loyamba, malo anu ndipereka kwa mmodzi wa anyamata a pageti. Ndakusungirani mpaka pano, koma kupitirira apo ndilibe mphamvu."

Tonse tinkadziwa tanthauzo lake. Ntchito ikatha, nyumba ya lendi yathanso, ndipo tikanabwerera kumudzi ku Phalombe kumene bambo analibe ngakhale munda wawo.

A Sitima omwewo ndi amene anatiuza za a Msiska. A Msiskawo anali mmodzi wa anthu amene anathawira kunja nthawi ya chipani chimodzi n'kubwerera zinthu zitasintha. Kunjako anaphunzira ntchito yowongola misana, makosi ndi mfundo za mafupa pogwiritsa ntchito manja. Dzina la ntchitoyo, kairopulakita, palibe ku Ndirande amene ankalitha, choncho ankangowatchula kuti Othyola Misana. Loweruka lililonse ankaona anthu mu holo ya tchalitchi china ku Chitawira.

"Othyola misana?" anafunsa amayi. "Nanga uwu si wothyoka kale? Akathyolanso chiyani?"

Komabe Loweruka tinapita. Ine ananditenga kuti zikavuta, mankhwala odziwika akhale pafupi. Bambo sakanatha kukhala pa mpando, ndiye mu minibasi anaima chowerama ngati nambala seveni, atagwira chitsulo. Kondakitala anawayang'ana n'kuti, "Mayi, seveni wanuyu tikamutsitsa pati?" Basi yonse inaseka, bambonso anaseka, kenaka n'kubuula chifukwa kusekako kunawapweteka.

Mu holomo munali mabenchi, fungo la polishi wa pansi, ndi tebulo lopapatiza lokhala ndi bowo loikapo nkhope. Pa msomali panapachikidwa msana wa pulasitiki, woyera, wokhala ndi timfundo tambirimbiri. Ndinauyang'anitsitsa nthawi yaitali. Zaka zonsezo ndinkayenda pa chinthu chimene ndinali ndisanachionepo.

A Msiska anali aatali, a imvi m'mbali, ndipo Chichewa chawo chinali chochita kufunafuna mawu, ngati cha munthu amene anachisunga m'sutikesi zaka zambiri. Tsiku loyambalo sanathyole kanthu. Anafunsa mafunso: ngati bambo akutsokomola, ngati amatuluka thukuta usiku, ngati mwendo umachita dzanzi, ngati akukodza bwino. Anawagogoda maondo ndi kanyundo ka labala, anawakweza mwendo umodzi kenaka unzake. Pomaliza anati apite kaye kuchipatala chachikulu akajambulidwe, chifukwa chifuwa chachikulu chimatha kulowa m'mafupa a msana, ndipo msana wotero sufuna manja a munthu koma mankhwala a kuchipatala. Amayi anadandaula njira yonse yobwerera kuti tawononga ulendo kukangofunsidwa za mkodzo.

Loweruka lotsatira tinabwera ndi chithunzi chakuda cha mafupa a msana wawo mu envulopu yaikulu. A Msiska anachiika pa windo n'kuwerenga mafupa ndi chala kuyambira pamwamba mpaka pansi. Onse anali athunthu. Anawagoneka bambo chammbali, anapinda bondo lapamwamba, anaika dzanja limodzi pa phewa lina pa chiuno, n'kuwauza kuti atulutse mpweya wonse. Kenaka anakankha kamodzi, mwachangu. Msana unati kho!

"Mayo ine, mwandiphera mwamuna!" anakuwa amayi, chikwama n'kugwa pansi.

Bambo anangoti maso tong'o. Kenaka anati chapansipansi, "Mbali inayi nayonso."

A Msiska anathyola zala zawo pamaso pa amayi kuti aone kuti phokosolo si fupa losweka, ndi mfundo chabe imene yamasuka. Atatero anafunsa kumene bambo amagona. Amayi anafotokoza monyadira za chitseko, za mphini, ndipo pomaliza anandikankhira kutsogolo n'kulongosola mmene ndinabadwira. Ndinkayembekeza kuti aseka. Sanaseke. Anandigwira m'khwapa, anandinyamula pang'ono n'kunditsitsa.

"Mwanayu akulemera ngati theka la thumba la fetereza," anatero. "Munthu wapwetekedwa ndi thumba, inu mukumusenzetsanso thumba m'mawa ndi madzulo. Chitseko chibwerere pamalo pake lero lomwe. Msana ukagonekedwa nthawi yaitali umauma. Bambowa ayende."

Ndinazyolika ndi manyazi. Koma iwo anawerama mpaka nkhope yawo inafanana ndi yanga.

"Dokotala mnzanga, mapazi akowo ndikuwafunabe. Tsiku lililonse uziwatulutsa m'nyumba, uziyenda nawo. Lero pafupi, mawa patsogolo pang'ono. Akakana, usamve. Akanena kuti mwendo wachita dzanzi kapena wafooka, ubwere nawo kuno msanga. Wamva?"

Ndinavomera ndi mutu. Kenaka anakoka katoni ya mabuku a nyimbo n'kuwaonetsa bambo kanyamulidwe kena: kunyonyomala pafupi ndi katundu, kumukumbatira pachifuwa, kudzuka ndi miyendo msana uli chilili, ndipo pofuna kutembenuka, kusuntha mapazi osati kupotoza chiuno. Bambo, amene anali atanyamula matumba kuyambira ndisanabadwe, anayeserera ndi katoni ija ngati mwana wa sitandade wani.

Ulendo wathu woyamba unathera pampopi. Bambo anayenda atagwira phewa langa, thukuta lili kamukamu, ndipo azimayi aja anawapatsa moni mokweza kuposa masiku onse. Kenaka tinkafika kwa amisiri okhoma malata, kumene phokoso la nyundo linkabisa kubuula kwawo. Kenaka kumsika, pakati pa utsi wa chiwaya ndi milu ya kaunjika. Tsiku lina anakana kudzuka, akuti kunja kukutentha. Ndinawabisira wailesi mpaka anavala nsapato. Loweruka tinkabwerera ku Chitawira kukamva kho uja, ndipo amayi anasiya kukuwa, ankangotseka maso. Titayamba kuwoloka mtsinje wa Nasolo, dzanja lawo linali litachoka pa phewa langa. Kuseri kwa nyumba ankayeserera kunyonyomala ndi thumba la mchenga, amayi akulondera kuti aneba asaone.

Malole anabwera mitambo itayamba kusonkhana pa phiri la Ndirande. Linali Loweruka, ndiye ndinawaperekeza mpaka ku Makata, m'khamu la anthu oyenda mofulumira, m'fungo la sopo ndi la mowa wophikidwa m'mafakitale. Ana sankaloledwa kulowa, choncho ndinaima pa mpanda wa waya limodzi ndi anyamata a ganyu, amene ankawayang'ana bambo ngati mmene anthu amayang'anira mpando wa mu basi umene mwini wake watsala pang'ono kutsika.

A Sitima sanawapatse moni wautali. Analoza thumba limodzi ndi thabwa lokwerera pa lole. Bambo anayandikira, anatambasula miyendo, n'kunyonyomala pamaso pa thumbalo mwaulemu wonse.

"Taonani, akupereka moni kwa apongozi!" anakuwa mnyamata wina pafupi ndi ine. Mpanda wonse unagwedezeka ndi kuseka, ngakhale anzawo a mkatimo anasiya ntchito kuti aone.

Ine sindinaseke. Ndinkayang'ana msana uja. Bambo anakumbatira thumba, anadzuka nalo pang'onopang'ono, analikweza pa phewa lachikopa lija, n'kukwera thabwa. Pamwamba anatembenuka ndi mapazi, timapazi ting'onoting'ono ngati mkwati pa ukwati, n'kulitula. Anatsika, n'kunyonyomalanso pa thumba lachiwiri wina asanawauze.

"Chabwino, Mkamwini," anatero a Sitima. "Lowani pamzere."

Dzinalo linawakanirira mpaka tsiku limene anapuma ntchito. Masana a Loweruka lija, ataweruka, anandipeza ndikadali pageti. Anaima pa mayi wina wogulitsa m'beseni, anagula chitumbuwa chimodzi chotentha, n'kundipatsa akuyang'ana kwina.

Pa ntchito yanga ya utolankhani ndafunsapo madokotala angapo za nkhaniyi, ndipo sagwirizana. Ena amati manja a a Msiska anathandiza, ena amati msana wotere umapola wokha munthu akamayenda, ndipo kho uja amangomulimbitsa mtima wodwala. Onse amagwirizana pa ziwiri: kuwatumiza kukajambulidwa kunali koyenera, ndipo chitseko chija chinali cholakwika. Ine sindingalumbire kuti chinawachiritsa n'chiti. Chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti anagona nthawi yaitali osachira, ndipo atayamba kuyenda anachira.

Lero zambiri zinasintha. Nyumba zina zosungiramo katundu zili ndi makina onyamulira, ngakhale kuti matumba ambiri akadakwerabe pa mapewa a anthu. Mwana akakhala motsogoza miyendo, kawirikawiri achipatala amamuona msanga n'kuchita opaleshoni, ndipo palibe amene amamuyalira mphasa. Ana anga amaseka ndikawauza kuti ndinali dokotala ndili sitandade fili. Inenso khosi limandivuta chifukwa chowerama pa kompyuta, ndipo likauma ndimatseka ofesi n'kukayenda.

Bambo anakalamba, amakhala ku Machinjiri m'nyumba yawoyawo. Mpaka pano akafuna kutola ngakhale kapu imene yagwa, amanyonyomala kaye ngati afika kwa apongozi. Za chilimwe chija sanandithokozepo, ndipo sindiyembekeza kuti adzatero. Koma ndikapita kukawaona, ndimapeza chitumbuwa chimodzi pa mbale, chovundikiridwa bwino kuti adzukulu asachione.