Kanyama ka m'thumba ndi msangu wa kumunda kwa amayi

Ndinaganiza zochoka fizi ya Fomu 4 itasowa. Azungu ena amene ankagwira ntchito ya zankhalango ku Zomba ankabwerera kwawo ku Australia, ndipo ankafuna mtsikana wolera mwana. Amayi anandiperekeza mpaka pa Naisi. "Pita, Lusiya. Munda wa pamsangu ndi wako, udzaupeza." Mng'ono wanga Esinati anandinyamulira chikwama, maso ali pansi.

Kumeneko adona, mayi a mwana ndinkalerayo, ankagwira ntchito yoteteza kanyama kena kotsala pang'ono kutha padziko. Kamaoneka ngati changa, koma mwana kamamusunga m'thumba la pamimba, ndipo kamanyambita utomoni wa mitengo yonga mthethe. Sindibisa, ndinkachita nako nsanje. Kamodzi kakangoleka kudya, adona ankaimba mafoni uku ndi uku. Ine nditagona ndi chimfine anangondilozera kabati ya mankhwala. Ndalama ndinkatumiza, koma makalata ankabwera aafupi: mvula yagwa, malata tagula, Esinati akupereka moni. Mitengo ija ndinkangoidutsa. Ndani angasirire mtengo? Ine ndinkafuna kukhala chinthu chosowa, choti anthu azichidera nkhawa.

Ndinabwerera ku Malemia m'dzinja, boma litasintha kale. Zimene ndinkalakalaka zinachitikadi. Anthu anadzaza pakhonde kudzandiona, anandikhazika pampando, azakhali akusisita nsapato zanga. "Aa, manja osalala chonchi! Mlendoyu musamupatse khasu."

M'mawa mwake ndinapita kumunda. Msangu unali utayoyola masamba monga umachitira nthawi ya mvula, ndipo chimanga cha pansi pake chinali bii, kuposa cha minda yonse yoyandikana. Esinati ankapalira, mwana ali kumsana.

"Achemwali, nsapato zanuzo zida ndi matope."

"Mundawu amayi anati ndi wanga."

Khasu silinaime. "Kawafunseni."

Amayi sanazungulire. "Mwanawe, ootcha makala anabwera ndi nkhwangwa kudzadula msangu uja, amalume ako atawaloleza kale. Amene anaima patsinde n'kuwabweza ndi Esinati, ali ndi pakati. Lero ndimuchotse?"

Mtima unandiwawa, ndipo mpaka pano sunapole. Kanyama kaja anthu amakakonda, inde, koma kakamva njala kamakwera mtengo umene sunasunthe.

Tsiku lotsatira ndinavula nsapato, ndinakabwereka khasu kwa mng'ono wanga. Anandipatsa lakutha, n'kundilozera mzere wa kumphepete, kumene masamba a msangu safika. Ndinayambira pomwepo.