A Ndiona ndi Kalata ya ku Japan

Dzina lenileni la achimwene anga anthu a pamsewu wathu analiiwala kalekale. Onse ankangoti a Ndiona. Ntchito yawo inali yokonza mawayilesi ndi matiivi, kenako mafoni, m'kachipinda kopanikizika pakati pa wometa ndi wogulitsa penti. Munthu akabwera ndi wayilesi, iwo ankaitsegula kumbuyo n'kuinunkhiza, inde kuinunkhiza ndi mphuno. Ikakhala yoti ikonzeka ankati, "Bwerani Lachinayi." Koma ikakhala yopseratu, yoti ngakhale amene anaipanga sangaidzutse, ankaitseka bwinobwino, n'kuipukuta fumbi ndi mkono wa malaya, n'kunena kuti, "Isiyeni, ndiona." Aliyense wa pamsewupo ankadziwa kuti "ndiona" wa achimwene ndi maliro a wayilesi. Alendo okha ndi amene ankatha nsapato kubwererabwerera.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti bwanji osangomuuza munthu kuti chinthu chako chafa.

"Iwe chemwali, munthu wasenza tiivi kuchokera kutali, ndimuuze pamaso kuti wasenza mtembo? Amva yekha. Wanzeru amamva."

Sukulu achimwene anaisiyira panjira bambo athu atamwalira, kuti ine ndipitirize. Chingerezi chawo chinali cha pamabatani basi. Ine ndinamaliza, ndinapeza ntchito yotayipa makalata mu ofesi ina, ndipo iwo ankanyadira ngati satifiketiyo ili m'dzina lawo. Kalata iliyonse ya Chingerezi, kaya ya mwini nyumba, kaya ya kuchipatala, ankaisunga mpaka ine nditafika. Chimene ndanena ine, kwa iwo chinali chomwecho.

Gemu inalowa m'moyo wawo mwangozi. Kasitomala wina anasiya makina osewerera gemu, anauzidwa "ndiona," ndipo pokhala wanzeru sanabwerenso. Patapita miyezi achimwene anawatokosatokosa chifukwa chosowa chochita, makinawo n'kuyaka, muli disiki. Lamlungu masana anandiyimbira foni.

"Tabwera kuno. Muli anthu muno akungolankhula, ine sindikumva kanthu."

Ndinapeza bambo wa ndevu zake, wa zaka makumi atatu, wagwira padi, kachipangizo ka mabatani kaja, ngati wagwira khanda. Inali gemu ya ku Japan, ya mtundu uja wa nkhani yaitali, yoti umayenda mzinda ndi mzinda, kulankhula ndi anthu, kusonkhanitsa anzako, kumenyana ndi zilombo mopatsana mpata. Mawu onse ankalembedwa pansi pa sikirini m'Chingerezi. Nkhani yake inali ya mlonda wa pamlatho amene mlongo wake anabedwa ndi anthu ovala zobisa nkhope n'kumuwolotsa mtsinje. Mlondayo anasiya mlatho, anasiya zonse, ulendo kukamufuna.

Ndinakhala pa tiivi yakufa n'kuyamba kumasulira. Koma abale, ndikanadziwa!

Kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse masana linali la Mlonda. Iwo pa padi, ine pakamwa. Mfumu ya adani ndinaipatsa mawu a mwini nyumba wathu, omveka ngati akulankhulira m'chidebe. Wogulitsa mankhwala wa m'gemumo ndinkamulankhulitsa ngati alamu anga, akazi a achimwene, akamakalipa, mpaka tsiku lina alamuwo anatipezerera atabweretsa tiyi, n'kunena kuti, "Ndamva, pitirizani, tionana kunyumba." Wometa anayamba kutseka shopu yake msanga. Wogulitsa penti ankabwera ndi mpando wake. Dalaivala wina wa basi ankafika mochedwa n'kumavuta kuti timubwerezere zonse. Amuna akuluakulu kumakangana mpaka mitsempha ya m'khosi kuti lupanga liti ndi labwino, ine n'kumaseka misozi ili mbwee. Zinali zaka zabwino, sindinama.

Gawo loyamba tinalimaliza. Lachiwiri achimwene analisaka mpaka analipeza, nalonso tinalimaliza. Ndiye mmene linathera! Mlonda wafika pa chitseko chachitsulo, watopa, anzake awiri afera m'njira. Kuseri kwa chitseko akumva munthu akukhosomola, chifuwa chonga cha mlongo wake. Walowetsa kiyi. Sikirini bii! Kenako timawu toti nkhaniyi ipitirira m'gawo lachitatu.

Achimwene anatembenukira kwa ine, padi ili m'manja. "Ndi yemweyo akukhosomolayo, kapena amutchera msampha?"

"Kaya, achimwene. Salemba."

Gawo lachitatu linatuluka chaka chotsatira, koma ku Japan kokha, m'Chijapani chokhachokha. Anthu a m'mayiko ambiri ankadandaula pa intaneti, kupempha kuti limasuliridwe m'Chingerezi monga awiri aja. Chaka chinatha, zii. Achimwene anati ife sitingangokhala ngati mitengo, tilembe kalata. Ndinaitayipa ku ofesi nthawi ya nkhomaliro. Iwo anaika pepala ndi cholembera pathebulo la ntchito, ndipo aliyense wolowa m'shopumo ankasayina kaye asanatchule vuto lake. Agogo ena obwera ndi tochi anadinda chala poganiza kuti ndi kalata yodandaula za ngalande ya pamsewu. Mayina anakwana mazana awiri ndi khumi ndi anayi. Tinatumiza ku kampani yopanga gemuyo, ine mumtima ndikuti tataya sitampa.

Patatha miyezi inayi yankho linabwera. Envelopu yoyera mbee, pepala lolimba, mizere inayi ya Chingerezi chaulemu. Achimwene anasamba m'manja asanaigwire. Anaitana gulu lonse, anandikhazika pa tiivi yanga ija, n'kuti, "Werenga, chemwali."

Ndinaiwerenga kaye chamumtima. Ine ndimatayipa makalata otere tsiku ndi tsiku, ndimawadziwa fungo lake. Ankathokoza chifukwa cha chikondi chathu pa gemu yawo, ankati maganizo a osewera ndi amtengo wapatali, ndipo za kumasulira gawo lachitatu, nkhaniyo adzaiona. Kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Mawu oyenera m'Chichewa analipo, afupi, ali pamlomo penipeni: akuti tiona. Ndikanangonena choncho, chipinda chonse chikanaphulika ndi phwete, wometa akanati a Ndiona akumana ndi mbale wawo wa ku Japan, achimwene akanatukwana pang'ono, basi nkhani yatha.

Koma ndinawayang'ana nkhope. Munthu amene anasiya sukulu chifukwa cha ine, amene sanapemphepo kanthu kwa munthu, maso ali gwa pakamwa panga. Ndinachita zomwe iwo ankachitira anthu osenza matiivi, kungoti ine ndinapyola muyeso.

"Akuti zikomo kwambiri," ndinatero. "Akuti akukonza."

Kwa munthu wokonza zinthu, "akukonza" ndi mawu olemera. Ndiye kuti chinthu chili pathebulo, chatsegulidwa, zomangira zili m'mbale. Achimwene anaimirira n'kugwirana chanza ndi aliyense ngati abereka mwana. Kalatayo anaiika m'chitini cha zikalata za shopu n'kukhoma.

Chaka chimenecho kasitomala wina woitanitsa magalimoto kunja anawabweretsera disiki ya gawo lachitatu, ya Chijapani, ikadali m'pulasitiki. Anaiimika pashelefu pamwamba pa nsimbi yowotcherera, osaitsegula. Anati yaikidwa apo kuti izidikira inzake ya Chingerezi.

Zaka zinayamba kugubuduka. Dalaivala anasamutsidwa. Wogulitsa penti anatopa, anabwerera ku mpira. Anatsala wometa, munthu wosaugwira mtima. Mafoni atayamba kumasulira mawu ukangoloza kamera, iye anabwereka makina kwa mlamu wake, anapeza disiki yake, n'kumasewera foni ili patsogolo pa tiivi. Kumasulira kwake kunali kokhotakhota, mfumu kumatchedwa chitsime, koma nkhani inkamveka. Anamaliza m'miyezi itatu, n'kulowa m'shopu ya achimwene akupuma mwabefu.

"Akulu, chitseko chija ndatsegula!"

"Ukangonena liwu limodzi, usadzapondenso muno."

"Ndiye seweranitu! Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

"Ine nkhani yanga sindingaimvere kwa foni yosadziwa kusiyanitsa mfumu ndi chitsime. Ndiimva kwa chemwali wanga, monga kale. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Eniake ati akukonza."

Sanalankhulane miyezi iwiri, mashopu ogundana khoma.

Maso a nkhonowo ndi amene anandipweteka, chifukwa maso amene anayamba kuvuta ndi a achimwene. Shuga. Poyamba ankangoti mafoni a masiku ano akuchepetsa dala tizipangizo. Kenako anagula galasi lokuzira zinthu. Kenako anadziwotcha chala kawiri sabata imodzi. Adokotala anawauza alamu mosabisa kuti diso lamanja likupita, lamanzere litsatira ngati sasamala, ndipo ngakhale asamale asayembekezere zambiri. Apa ndinachita mantha enieni. Ndinapita Lamlungu, ndinatsitsa disiki pashelefu n'kuipukuta fumbi.

"Achimwene, tiyeni tingoyamba. Foni izimasulira, ine ndiziwongola, mawu a mwini nyumba ndikadawatha."

"Bwezera pomwe wachotsa. Tadikira zaka zisanu ndi chimodzi, ndiye tidye zosapsa pamene mphika watsala pang'ono kuphulidwa? Si iwe womwe unandiwerengera kuti akukonza?"

Pamenepo mpomwe ndikanaulula. Mpata unalipo, diso limodzi likadaona bwinobwino. Koma ndinaganiza za manja osamba aja, za chanza chija, za miyezi iwiri yosalankhulana ndi wometa, ndipo ndinaopa kuti andiyang'ana bwanji. Ndisadzikometsere, sichinalinso chifundo chimenecho. Anali mantha, mantha onyansa a munthu wofuna kukhalabe mlongo wophunzira amene salakwa. Ndinabwezera disiki pashelefu. Chaka ndi chaka ankatulutsa kalata ija kuti ndiwerengenso, ine n'kumabwereza bodza lomwelo ngati pemphero.

Nawonso a kampani ndili nawo mawu. Akanangolemba kuti ayi, akanafa? Zilembo zitatu zokha! Ulemu wanji wosunga munthu pakhomo, osamulowetsa, osamuthamangitsa? Koma ndikawakalipira choncho ndimakumbukira kuti iwo analemba zomveka kwa wanzeru, wokhotetsa ndi ine.

Shopu tinaitseka chaka chatha. Mawayilesi akufa amene eniake sanabwerere anadzaza ngolo ziwiri. Achimwene tsopano amakhala pakhonde kunyumba, amasiyanitsa kuwala ndi mdima basi, munthu amamudziwira mawu. Tiivi, makina ndi disiki ya m'pulasitiki alamu anaziika m'chipinda chochezera, chifukwa achimwene anakana kuti zipite.

Lamlungu lina mwezi wathawu ndinawapeza ali ndi wometa, amene masiku ano amabwera kudzawameta pakhonde pomwepo. Chitini chinali pamiyendo pawo, kalata ili m'manja.

"Wafika bwino, chemwali. Ndimamuuza uyu kuti eniake analonjeza, iye akutsutsa. Tamuwerengera."

Ndisanaike n'komwe chikwama pansi, wometa analanda kalatayo mwanthabwala. "Asiyeni achemwali apume, foni yanga masiku ano imalankhula ndi Chichewa chomwe." Analoza kamera. Foniyo inayamba kuwerenga ndi mawu ake owuma aja, opanda manyazi, opanda chifundo. Inathokoza chifukwa cha chikondi chathu. Inati maganizo athu ndi amtengo wapatali. Kenako inati, "Nkhani imeneyi tidzaiona."

Wometa anayamba kuseka, kenako anayang'ana nkhope yanga, kuseka kunathera pomwepo. Anapinda nsalu yake, analonga makina ake, achimwene atametedwa mbali imodzi, n'kutsanzika chamumtima.

"Ibwereze," achimwene anatero. Koma foni inali itapita. Anatembenukira komwe ndinaima, kuphonya pang'ono, ngati akulankhula ndi mzati. "Tiona? Analemba kuti tiona?"

"Inde, achimwene."

"Kuyambira tsiku lija?"

"Kuyambira tsiku lija."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangopinda kalatayo motsata mipindo yake yakale, zala zikuyenda zokha, n'kuibwezera m'chitini. "Zaka zisanu ndi zinayi," anatero. "Ine ndiye mlendo uja wotha nsapato."

Ndinagwada pansi pakhondepo, mayi wamkulu ndi diresi langa la Lamlungu, ndikulira mosadziletsa. Ndinati ndinalakwa, ndinafuna kuwasangalatsa, kenako ndinachita mantha. Ndinati sizinathe, disiki ilipo, makina akuyaka. Ine ndigwira padi, foni izimasulira, ndiziwauza chilichonse, mtundu wa chitseko, nkhope ya amene akukhosomola, osabisa kanthu, osakometsa liwu ndi limodzi lomwe.

"Tiyambe Lamlungu likubwerali, achimwene. Mwavomera? Mundikhululukira?"

Anatseka chitini bwinobwino. Anachipukuta pamwamba ndi mkono wa malaya.

"Zisiye pomwepo, chemwali," anatero. "Ndiona."