Kadamsana Pansi pa Mtengo wa Mango

Pa Nathenje ukafunsa wowotcherera zitsulo, aliyense akulozera kwa a Wahabu. Kwa zaka makumi awiri akhala akulumikiza mageti, mawindo ndi ngolo. Diso lawo lamanzere linachita chifunga kalekale, lamanja nalo likutsatira, chifukwa paunyamata ankawotcherera atavala magalasi otchenera a pamsika. Iwo amati moto woterewu supweteka pomwepo, umakupeza madzulo ngati wina wakuthira mchenga m'maso.

Ndiye wailesi itanena kuti Lachinayi kuchitika kadamsana, kuti ku Tanzania dzuwa lisanduka mphete pomwe kuno lingodyeka mbali, mtima wawo sunakhale m'malo. Shifa, mwana wawo wa sitandade faifi, ndi nkhutukumve yeniyeni, ndipo anali atanenetsa kale kuti aliyang'ana basi.

"Timuikira madzi m'beseni," anatero akazi awo, a Fadila. "Kwathu ku Mitundu tinkaonera momwemo."

"Amake Shifa, lata likanyezimira limawotcha diso chimodzimodzi. Nanga madziwo alekerenji?"

Lachinayilo m'mawa a Wahabu sanayatse makina. Anapita pabwalo la mpira, n'kupeza ana atanyamula zidutswa za mabotolo obiriwira, maso kumwamba. Anawakalipira, koma ana a eni ake angamve? Atabwerera anatulutsa galasi lawo la ntchito kuti Shifa aonerepo, n'kupeza lili ndi mng'alu pakati. Zomutsekera mwanayo m'nyumba anaziganiza, koma ameneyo akanasuzumira pawindo. Mantha anawagwira zenizeni.

Kuwala kutayamba kufooka, anamugwira Shifa pamkono mpaka kuseri kwa shedi yawo, pansi pa mtengo wa mango wa masamba othithikana.

"Malo abwino ndi ano," anatero.

Linali bodza lamkunkhuniza. Malowo anawasankha chifukwa kumwamba sikunkaoneka.

"Ababa, muno sindiona kanthu," anadandaula Shifa, uku akusendera kunja kwa mthunzi.

A Wahabu anamuika dzanja pamutu, dzanja lawo la zipsera, n'kumuweramitsa. Mwanayo anapalapata, kenako anayang'anitsitsa pansi. Pafumbi ponse, pomwe dzuwa limadutsa m'mipata ya masamba, panali timiyezi tating'onoting'ono tambirimbiri, tonse topindikira mbali imodzi. Tina tinali pamapazi pake, tina pasiketi. Anagwada n'kutambasula chikhato kuti kamodzi kagwerepo.

"Ababa, kadamsana uja wagwera pansi! Mukuona?"

A Wahabu anaweramira pansi, n'kutsinzina diso loipalo. Anangoona mawangamawanga osadziwika mutu wake.

"Ndikuona, mwana wanga. Tandiwerengera, tilipo tingati?"

Shifa anayamba kuwerenga mokweza, nkhope ili pansi. Dzanja lija silinachoke pamutu pake mpaka dzuwa litabwerera lonse.