Kukaona Mdzukulu pa Tsiku la Mafuta Otchipa

Tinanyamuka naini koloko m'mawa, Lachiwiri, mdzukulu wanga woyamba ali kale ndi masiku khumi ndi limodzi padziko. Lachiwirilo ndalitchula dala. Ku Perth mafuta a galimoto amatsika mtengo tsiku limodzi pa mlungu, ndipo amuna anga, bambo a Tadala, chipumireni pantchito amalilemekeza tsiku limenelo kuposa Lamulungu.

Iwowa anali a zamagetsi ku migodi ya kumpoto, milungu iwiri kuntchito, umodzi kunyumba, kupita ndi kubwera pa ndege. Kolona itabwera, milungu iwiri ija inasanduka isanu ndi umodzi. Anabwerako tsiku lina, nakhala pampando chikwama chili kumsana, n'kunena kuti, "Basi, ndatopa." Anali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi. Tinagulitsa nyumba ya ku Morley n'kugula kamalo kupitirira Cunderdin, pakati pa minda ya tirigu: kanyumba ka malata, thanki ya madzi a mvula, nkhuku makumi awiri ndi dimba. Penshoni sitingaikhudze mpaka adzakwane zaka sikisite, ndiye zomwe tili nazo ziyenera kutifikitsa kumeneko. Zimenezo ndimazimvetsa. Chomwe sindimvetsa ndi kuyanika katumba ka masamba a tiyi pa waya ngati kabudula, kuti mawa kadzagwirenso ntchito. Timasamba titaimirira m'beseni kuti madziwo akathirire mpiru. Ndipo lamulo lalikulu ndi lakuti ku Perth timapita kamodzi pa mwezi, zonse n'kuchitira ulendo womwewo.

Tadala, mwana wathu mmodzi yekhayo, anachira patangopita masiku atatu titabwerako ku ulendo wa mwezi umenewo. Ndinalongedza chikwama tsiku lomwelo. Iwo anangoti, "Mayi a Tadala, mwana sanatuluke m'chikuta. Tikapita pano tikaphwanya mwambo." Munthu amene sanasungepo mwambo ndi umodzi womwe! Ndinawauza kuti m'chikutamo woyenera kukhalamo ndine, mayi ake a Tadala, koma zinangopita ndi mphepo. Paja Tadala atabadwa iwo anali ku migodi ya ku Joni, anadzamuona akukwawa kale, ndiye kwa iwo masiku khumi ndi limodzi ndi dzulo lomweli.

Chimodzi chokha tinagwirizana: kukaona mwana wakhanda supita chimanjamanja, ndipo mayi wochira amafunika msuzi wa nkhuku yeniyeni. Ine ndinagwirizana nazo chifukwa ndiwo mwambo, iwo chifukwa nkhukuyo sitinagule. Anagwira msoti wofiira, wonenepa bwino, n'kuumanga miyendo. Ndinati tiuphe tiunyamule m'kabokosi ka ayezi. Anakana. Ati mphatso ya nkhuku imaperekedwa yamoyo, ndiponso ayezi ndi madola anayi. Msotiwo unalowa m'katoni yoboola, katoniyo pakati pa mapazi anga, pakuti kumbuyo kwa pikapu yathu kunali dzuwa loti n'kuwotcha dzira.

Msewu waukulu wopita ku Perth amalola kuthamanga handiredi teni. Ife timayenda eyite. Bambo a Tadala anawerengera kuti pa eyite ndi pomwe galimoto imamwa pang'ono, ndipo palibe hutala padziko lino yomwe ingawasinthe maganizo. Zimalole za ngolo zitatuzitatu zinkatipitirira zikulira, pikapu n'kumagwedezeka. Eyakoni inali yozimitsa, pakuti imamwa mafuta. Mawindo anali otsekula theka, pakuti ukatsekula onse mphepo imakoka galimoto, nayonso n'kumwetsa mafuta. Ndinangokhala, thukuta likuyenderera m'khosi, ndikuyang'ana chimpope cha madzi chomwe chimayenda m'mbali mwa msewuwo kuchokera ku Perth mpaka ku migodi. Ndinachichitira nsanje, chifukwa icho chinali chitafika kale.

Kota pasiti teni tinaima ku Northam. Kumeneko kuli mayi wina wachizungu amene timasinthana naye mazira ndi tirigu wosweka wa nkhuku. Ntchito yake ndi ya mphindi zisanu. Koma mayiyo anafunsa chifukwa chomwe pampu yake imangozima, ndipo amuna anga anatulutsa sikuludalaiva m'thumba ngati anaiyembekezera. Ola lathunthu linathera pamenepo. Mayiyo anasuzumira pawindo, n'kuona mutu wa msoti utatulukira pa bowo la katoni.

"Mukupita nayo kwa dokotala wa ziweto?" anandifunsa m'Chingerezi.

"Ayi, kwa mwana wanga. Wangobereka kumene."

"Aa, kuti mwanayo adzikula ndi kachiweto kake!"

Ndinangomwetulira. Ndikanamufotokozera za msuzi, mwina bwenzi kusinthana mazira kutathera pompo.

Ku Bakers Hill tinafika nthawi itatsala pang'ono kukwana thwelofu. Aliyense woyenda msewu umenewu amaima pamenepo kugula mapayi a nyama, madola sikisi imodzi, fungo lake limakulandira usanatsike. Nafenso tinaima, pansi pa mtengo, n'kutulutsa mbatata yophika dzulo, mazira owiritsa ndi tiyi wa m'fulasiki. Ndinadya mbatata ndikununkhiza payi wa anthu ena. Pobwerera m'galimoto ndinapeza msoti utayasamula kukamwa, mapiko atagwa, ukupuma mwabefu.

"Bambo a Tadala, nkhuku yanu ikufa."

Anaiyang'ana, nkhope n'kusintha. Anaimwetsa madzi ndi chivindikiro cha fulasiki. Kenaka anatseka mawindo onse, natambasula dzanja, n'kuyatsa eyakoni. Anatembenuzanso timapaipi ta mphepo tonse kuti tiloze pansi, pa katoni.

Zaka makumi atatu ndili nawo pabanja. Chilimwe chonsecho ndinkafika kutchalitchi bulauzi itamatirira kumsana, osandiyatsira ngakhale kamodzi. Ndinawafunsa kuti kodi kuti munthu aganiziridwe m'banja muno ayenera kumera nthenga? Anati, "Inu simungafe ndi kutentha, ndinu olimba." Ndikuganiza kuti ankayesa kundiyamikira.

Tikutsika mapiri a ku Mundaring, cha m'ma wani koloko, nyimbo ya pa wailesi inadukizidwa. Analengeza kuti kwapezeka munthu wa kolona mumzinda, ndipo kuyambira sikisi koloko madzulo omwewo Perth ilowa m'bindikiro wa masiku angapo. Palibe kuyenderana, palibe kulowa kapena kutuluka mumzinda. Wochokera kunja atuluke sikisi isanakwane, apo ayi akhale komwe aliko mpaka adzatsekule.

Ife tinakonza zokagona masiku awiri. Mnansi wathu anavomera kudyetsa nkhuku ndi kuthirira dimba masiku awiri omwewo. Bambo a Tadala anawerengera mokweza: kuti tituluke mumzinda nthawi ili bwino, tinyamuke kwa Tadala ku Morley faifi koloko. Masiku anga awiri anasanduka maola anayi, ndipo tinali tisanafike n'komwe. Misozi inalengeza. Ndinati, "Tikanapita sabata yatha, bwenzi nditamusambitsa mwana ameneyu kasanu ndi kawiri." Iwo anakweza sipidi kufika eyite faifi.

Ku Midland tinapeza mzinda wonse wapenga. Anthu akukankha matilole odzaza mapepala a kuchimbudzi ngati kolona imatsegula m'mimba. Tinadutsa malo awiri omwetsera mafuta opanda mzere wautali, koma ife tinapita pa achitatu, pomwe lita inali yotsika ndi masenti anayi. Anthu ena onse oumira a mu Perth anali pomwepo. Tinakhala pa mzere mphindi makumi asanu, ndipo pofuna kusunga mafuta ankazimitsa injini, mzere ukasuntha n'kulizanso. Msoti ukayamba kuyasamula, ankailiza msanga. Bambo wina wa m'galimoto yoyandikana nafe, atavala masiki pachibwano, anamva kulira kwa nkhuku, n'kufuula akuseka kuti ife ndiye takonzekera m'bindikiro kuposa wina aliyense.

Titamwetsa, hafu pasiti thuu, ndinaona kuti sakukhotera ku Morley.

"Tikupita kuti?"

"Ku Kewdale pang'ono chabe. Mnzanga wa ku depoti wandisungira mapaleti. Aulere. Khola lija likufunika kukulitsa."

Mapaleti ndi timathandala ta matabwa toikirapo katundu m'nyumba zosungiramo zinthu. Ku Kewdale kulibe china koma zimenezo, zimalole ndi njanji. Tinafika, mnzawoyo kulibe, wapita kukagula zakudya za m'bindikiro. Tinadikira. Atabwera, anayamba kusankha limodzilimodzi, ili lathyoka, ili lili ndi misomali yabwino yoti n'kuwongola. Ndinayang'ana wotchi: kota tu folo. Apa ndiye mtima unandikwera. Ndinatsika, katoni ya msoti ili m'manja, n'kuima pakati pa bwalo la depoti.

"Bambo a Tadala! Tiyi wobwereza ndamwa. M'beseni ndasambira. Payi ndanunkhiza. Koma mukanyamula thabwa lina limodzi, ine ndikwera takisi pompano, ndipo ndikamuuza woyendetsa adutse njira yaitali!"

Woyendetsa chigalimoto chonyamulira katundu anazimitsa injini kuti amve bwino, ngakhale Chichewa sachidziwa. Amuna anga anaima ndi paleti m'manja. Sindikudziwa ngati chinawagwira ndi misozi yanga kapena mawu oti takisi. Analisiya pansi, namanga anayi omwe anali atakweza kale, tinanyamuka.

Ku Morley tinafika hafu pasiti folo, misewu itadzaza. Tadala ndi mwamuna wake amakhala m'nyumba zosanjikizana, pamwamba pachiwiri, ndipo pakhomo lolowera pali chikwangwani choletsa ziweto. Bambo a Tadala anati msoti utsale m'galimoto, asiye injini ikulira ndi eyakoni, mphindi makumi atatu zokha. Anakhoma ndi kiyi wapadera, tinakwera masitepe.

Anatsekula chitseko ndi asewere anga, mayi ake a mkamwini wathu, a ku Chipata, amene amakhala ku Mirrabooka. Iwowa anali pamenepo chibadwire mwanayo, kugwira ntchito yomwe inali yanga.

"Asewele, mwafika! Ise tenze kuganiza ati muzabwela mwana akayamba sukulu."

Ndinaseka, koma zinandilasa. Tadala anatuluka kuchipinda atanyamula kamtolo ka nsalu yoyera. Ndinamuuza kuti tamubweretsera nkhuku, ili m'galimoto.

"Mum, is it alive?" Iye Chichewa amamva chonse, koma kuyankha ndi Chingerezi basi.

"Nanga ukufuna ikhale yakufa, mphatso?"

Anagwira kumutu. Asewere anati asadandaule, kwawo kuli bwalo kuseri ndi mpeni wakuthwa, msuzi ufika mawa pakhomo.

Ndinasamba m'manja, ndinakhala pansi, n'kumulandira. Kamtsikana, tsitsi lambiri, zala zazitali ngati za mayi anga. Ndinkangomununkhiza pamutu, diso limodzi lili pa wotchi ya pakhoma, ndikuwerenga mphindi zomwe zinathera pa pampu ya mzungu, pa masenti anayi ndi pa matabwa. Mtima unkandiwawa kwambiri. Itakwana teni tu faifi ndinati, "Bambo a Tadala, mugwireni nanu, tizipita."

Anayamba kukana, ati manja awo ndi okhakhala. Tadala anawaikira mwanayo pachifuwa. Anauma thupi lonse ngati awapatsa waya wamoto. Kenaka anayang'ana pansi, nthawi yaitali, kamwanako n'kugwira chala chawo chokhala ndi zipsera za misomali ya mapaleti.

"Kani amakhala ochepa chonchi?" anatero, mawu ali pansipansi. Anayang'ana Tadala. "Iwenso unali chonchi?"

"Anali wochepa kuposa pamenepa," ndinayankha. "Munalibe."

Faifi koloko inakwana. Ndinaiona, iwonso anaiona. Palibe anasuntha. Kota pasiti, mkamwini anasuzumira pawindo n'kunena mwaulemu kuti, "Adadi, galimoto ikali kulila panja."

"Isiyeni," anatero, maso osachotsa pa mwana. Patapita kanthawi anandiuza kuti ndimuimbire mnansi wathu, ndimuuze kuti tichedwa masiku angapo, mazira onse omwe nkhuku ziikire akhale ake, ndi tomato yemwe. Anafunsanso Tadala ngati ali ndi matiresi ena oyala pabalaza.

Ndinatsika ndekha kukazimitsa injini hafu pasiti sikisi, asewere atanyamuka kale ndi msoti m'chikwama cha kumsika. Mkamwini ndiye anawatsekulira galimoto, koma injini sanaikhudze, paja anauzidwa kuti aisiye. M'galimotomo munali mozizira ngati m'firiji, mopanda munthu, mopanda nkhuku, muvi wa mafuta utatsika ndithu. Ndinakhalamo mphindi ziwiri, timapaipi tonse nditatembenuzira kwa ine.

Ulendo wa maola awiri unatitengera asanu ndi awiri ndi theka, ndipo kuumira kwawo sikunathe, pakuti m'mawa mwake ndinapeza katumba ka tiyi katayanikidwa pa mpope wa kukhitchini ya Tadala. Koma masiku onse a m'bindikiro, ine amene ndinalirira mwanayo njira yonse ndinkachita kupempha kuti andibwereke, ndipo kawirikawiri ankandiuza kuti ndidikire kaye, wangogona kumene.